Valvula Imene Idapita ndi Bonifácio

"Ndiye mukufuna adzatipeze pomwe pano titakumbatira bokosi?" adafunsa a Rufina. "A Madalena awoloka malire dzulo, mbuzi zili patsogolo. M'mudzi muno tatsala ife ndi nkhuku za eni."

"Ndanena kale, ikalankhula tinyamuka," adayankha amuna awo, a Cassimiro, mutu uli m'kati mwa radiyo. "Tapendeketsani galasilo, make Boni. Dzuwa mukulithira m'khutu mwanga."

"Khutulo ndiye lofunika kukonza. Radiyo ilibe mlandu."

Komabe galasilo adalipendeketsa. Imeneyi ndiyo idali ntchito yawo m'mawa uliwonse m'chilimwe cha 1987: kuima pabwalo ndi chibenthu cha galasi loonera nkhope, kukola dzuwa n'kuliponya m'mimba mwa radiyo, poti mapilya, mabatire a tochi, adali atasowa ngati mchere. Kwawo kudali ku Domwe, m'dera la Angónia, kumtunda kwa minda ya mbatatesi. Anthu a mfuti adali atafikako kale, ndipo ulendo womaliza adatentha kantina, kasitolo ka m'mudzimo, ndi sikola. Aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa mitsinje idzadzaza, njira yachidule ya ku Malawi n'kutsekeka, wotsala n'kutsaliratu. Mitambo idali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri.

A Rufina adakulira pa misau, m'manja mwa masisitere. Kuwerenga adaphunzira pang'ono, koma kuchapa adaphunzira mpaka kumapeto: nsalu za paguwa, mikanjo ya ansembe, zoikapo makandulo zimene ankazikwecha ndi phulusa mpaka munthu kudzionamo nkhope. Sankatha kuona chinthu chakuda n'kuchilambalala. Kwina akadawalemba ntchito m'chipatala. Kuno adangotchuka kuti ndi mayi amene mbale zake umachita manyazi kudyeramo.

A Cassimiro ankayendetsa injini ya chigayo cha pa misau pomwepo, pansi pa Irimau Romano, bulazala wachizungu wamfupi wokonda mawaya kuposa mapemphero. Azungu atachoka, Irimau adawasiyira radiyo yake atalephera kuinyamula, pakuti idali yolemera ngati thole la ng'ombe: bokosi la matabwa, kumaso nsalu, m'kati timabotolo tagalasi timene amati mavalvula. Radiyo zoterezi sizidya mapilya, zimafuna magetsi enieni. Choncho Loweruka a Cassimiro ankaimangirira panjinga n'kupita nayo kuchigayo kumene kudali dinamo. Mavalvula akafiira, kadiso kake kobiriwira n'kutseguka, azimayi odikira mgaiwa ankamvera nyimbo za ku Blantyre, amuna n'kumakanganirana mpira wa ku Maputo.

Nkhondo itayandikira, anthu adayamba kukwirira chuma chawo, uyu makina osokera, uyo mabulangeti. Banjali lidazula mavalvula n'kuwaika mumphika, bokosi n'kulikulunga m'masaka, zonse pansi pa nkhokwe. Pofukula dzinja litatha, adapeza mbewa zitamangamo mudzi. Mawaya, amene kale adali ndi zovala za nsalu za mitundumitundu, adali maliseche, ena oduka. Pepala la sipika lidali ngati sefa. Mavalvula adali matope okhaokha.

Tsiku limenelo a Cassimiro adapita kumaliro. Pobwera adapeza mavalvula atayanikidwa pathandala pamodzi ndi makapu, ali mbee.

"Make Boni, manambala aja ali kuti?"

"Timizeremizere toyera tija? Ndimayesa ndi nkhungu. Tinavuta kuchoka, mpaka ndinachita kuthira phulusa."

A Cassimiro adangokhala pansi. Valvula iliyonse imakhala ndi dzina lake pagalasi, lolembedwa ndi utoto wosachedwa kufufutika. Dzinalo ndilo limanena mpando umene iyenera kukhalapo, ndiponso chimene ungagule ikafa. Kuyambira tsiku limenelo mkangano uliwonse wa m'nyumbamo, kaya wa mbuzi kaya wa chitseko, unkathera pasopo. "Ansembe akathira madzi amapereka dzina," ankatero a Cassimiro, "inu mukathira madzi mumachotsa." Ndipo sizidathandize kuti kachingwe koyendetsa muvi wa masiteshoni kadapezeka pambuyo pake m'khosi mwa a Rufina, katagwira mikanda ya kolona yawo imene idaduka pothawa anthu a mfuti.

Amene adaleza mtima adali mwana wawo Bonifácio, mnyamata woti akadakwatira chaka chimenecho. Iye ndi bambo ake adalondola mawaya mmodzimmodzi, ndi pilya limodzi ndi kababu ka tochi: kukhudza kuno, kukhudza uko, kababu kakayaka ndiye kuti njira ilipo. Oduka adalowetsa m'malo ndi mawaya a galimoto yopsa ya pamsewu. Sipika adaimata ndi mapepala opichirira fodya. Muvi adauyendetsa ndi ulusi wa m'tayala. Mipando ya mavalvula adaipeza poyang'ana matupi awo ndi mawaya a pansi pake, yaitali apa, yaifupi apo. Koma valvula imodzi idali itayera kumutu ngati yagwera mu ufa. Idali italowa mpweya, yakufa.

Dzina lake lidali litapita ndi sopo, ndiye padalibe chochita koma kupita nayo yeniyeniyo kwa wodziwa. Ku Ulongwe kudali munthu wokonza maradiyo, dzina lake Victorino. Bonifácio adaikulunga valvulayo mukansalu, kuiika m'thumba la malaya, n'kukwera njinga. Njingayo idapezeka pafupi ndi mlatho, mwini wake palibe. Ena adati adamutenga a m'tchire kuti akawasenzere katundu, ena adati adamutenga a tropa, asilikali a boma. Popanda mtembo palibe maliro, popanda maliro palibe kumeta. Chaka chidatha, china n'kuyamba.

A Cassimiro sankaikamba nkhaniyi. Ankangodzuka, kuika chitsulo chowotcherera pamakala, n'kuitana galasi.

Munthu ukaunikira malo amodzi chilimwe chonse umawadziwa ngati khitchini lako. A Rufina sankadziwa maina, koma ankadziwa kuti chitsulo cholemera cha pakona chimatumiza mawaya kwa aliyense, kuti kachitini kaatali kamaluma ngakhale radiyo itazima, ndipo kuti mpando wopanda kanthu uli pakati pa ziwirizi. Loweruka lina gazolo, mafuta a injini ya chigayo, atapezeka, adaperekeza amuna awo kuchigayo. Mavalvula otsalawo adafiira psuu ngati makala. Sipika idangoti zii. Kadiso kobiriwira kadali m'tulo.

"Ndi kondensadolo uyu, watha," adatero a Cassimiro.

Adasintha kondensadolo, kanthu kosunga magetsi. Loweruka linalo adati ndi waya wa ku sipika. Kenako adati ndi chinyezi. Ndiye m'mawa wina, ali chigwirire galasi, a Rufina adaona amuna awo akusungunula mtovu pa waya wofiira amene adamulumikiza bwinobwino sabata yapitayo, n'kumulumikizanso pamalo omwewo. Adagwirabe galasilo mpaka amuna awo atamaliza.

Madzulo ake, amuna awo ali kudimba, adatapa dongo la kuchulu, kulikanda mpaka kufewa, n'kulidinda pampando wopanda kanthu uja. Padatuluka timitu ting'onoting'ono tozungulira, malo amodzi pali mpata ngati munthu woguluka dzino. Akuliyanika pakhonde, a Cassimiro adatulukira.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Phazi la valvula. Ndamva kuti a Victorino aja adathawira ku Dedza, ali pamsika. Ndipita ndi mbatatesi."

"Pampando pamenepo sipakhala valvula ina."

"Nanga ilankhula bwanji?"

"Mwini wake adapita nayo. Abwera nayo."

"Yakufa ija?"

"Abwera ndi yamoyo. Ndi chimene adapitira." A Cassimiro adatsamiritsa khasu kukhoma mosamala kwambiri, ngati lingasweke. "Akafika pano adzapeze ndani? Chitseko?"

"Adzapeza chitseko, adzafunsa, adzamulozera njira imene aliyense wadzera. Kapena adzapeza mitumbira iwiri kuseri kwa nkhokwe. Musankhe ndinu, bambo a Boni."

A Cassimiro adaseka, kuseka kopanda mano. "Chabwino. Ikalankhula pampandopo palibe kanthu, ndidzaisenza ndekha pamutu mpaka ku Dedza."

"Mwalumbira?"

Adagwira kamtanda ka m'khosi mwawo. Ankadziwa kuti radiyo yopanda valvula imeneyo ili ngati chigayo chopanda lamba.

A Rufina adanyamuka m'mawa pamodzi ndi azimayi ena a kumudzi woyandikana, dengu la mbatatesi pamutu, dongo lili m'kachitini ka mkaka pachifuwa. Adadzera m'madambo, kupewa msewu waukulu wa kumalire wa Kalomwe. M'mutu mwawo nkhani idali yatha kale: akagula valvula, akaizika pampando amuna awo ali kudimba, zolumbirazo akazikambe ndi Mulungu wawo. Ukwati wawo udali utapirira zoposa zimenezo.

Mbatatesi za ku Angónia sizichedwa pamsika wa Dedza. Atagulitsa adafunsa za munthu wa maradiyo, ndipo adamupeza pakhonde la sitolo ya mmwenye, kumbuyo kwa tebulo lodzaza ndi mitembo ya maradiyo ang'onoang'ono. Adali bambo woonda, magalasi omangidwa ndi waya.

"Takulandirani, amayi. Wailesi yatani?"

"Mwayamba kale kunena wailesi? Mwawoloka liti, bambo?"

A Victorino adavula magalasi n'kuseka. "Ndinu akwathu! Amayi, kuno ukati radiyo amakukwezera mtengo wa tomato. Kwanu n'kuti?"

"Ku Domwe, kwa a Cassimiro a kuchigayo. Ndisanayambe zimene ndadzera: chaka chatha, nthawi yokolola, kudafika mnyamata kwanu ku Ulongwe? Wamtali, wa mpata kumano, valvula yoyera kumutu ili m'thumba?"

A Victorino adaganiza ndithu, osati mwaulemu chabe. "Iyayi, amayi. Ndikadakumbukira. Mavalvula sankabwera kawirikawiri."

"Chabwino." Ndiye kuti adamugwira popita, osati pobwera. A Rufina adachisunga chimenecho mumtima, n'kutulutsa dongo lija.

A Victorino adalitembenuza uku ndi uku. "Nzeru ndiye zilipo. Koma phazi ili ndi la fuko lonse. Ya nyimbo, ya mawu, ya magetsi, zonse zimaponda chonchi. Nambala yake?"

"Idachoka."

"Idachoka bwanji?"

"Idachoka basi."

A Victorino adawayang'ana manja, oyera m'zikhadabo ngakhale adali atagwira mbatatesi tsiku lonse, ndipo sadafunsenso. "Imakhala pati?"

"Pakati pa chitsulo cholemera ndi kachitini koluma."

"Ehe! Pansi pake pamafika mawaya angati?"

A Rufina adatsinzina. Adaona mpandowo chagada, dzuwa la galasi lawo lili pomwepo. "Awiri amapasa, ochokera kuchitsulo. Awiri ena opotana ngati chingwe cha mbuzi, amene amapitanso kwa anzake onse. Ndi mmodzi yekha wopita kukachitini."

"Anzakewo amayaka, koma mawu palibe? Kadiso sikatseguka?"

"Ngati mudaliko."

"Imeneyo ndi yowongola magetsi. Magetsi a dinamo amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Iyo imawalola kupita kokha. Popanda iyo anzakewo amangowotha moto, kuntchito sapita." Adawerama n'kukoka chitini cha mabisiketi pansi pa tebulo. "Muli ndi mwayi. Pothawa ndidasiya mabulangeti, ndidatenga izi. Akazi anga mpaka lero salankhula nane bwino."

Adafufuza m'chitinimo, kupukuta ina ndi chala, kuiyang'anitsa kudzuwa, n'kuiika m'dzanja la a Rufina. Idali yopepuka, kumutu kwake kuli bii ngati galasi labwino, dzina lake lonse lilipo. Idali ndendende ngati ija, mpaka adakumbukira mmene thumba la malaya a Bonifácio lidatukukira poiikamo, ndi mmene iwo adamukalipira kuti ang'amba msoko.

Chimene adayendera ulendo wonsewo chidali m'dzanja. Koma ngakhale chala chimodzi sichidapinde kuti chiifumbate. Adaiyang'ana kanthawi, n'kuibweza patebulo pang'onopang'ono.

"Yadula? Sindinatchule n'komwe mtengo."

"Si mtengo. Pampandopo pali mwini wake." Adakonza mpango kumutu. "Palibe njira ina yoti ilankhule, mpando uli chomwecho?"

A Victorino adali atakonza maradiyo a anthu othawa kwa nthawi yokwanira kudziwa pamene funso silifunika. Adabweza valvula m'chitini, n'kutsegula kabokosi ka machesi. Mudali tinthu takuda, tating'ono ngati nyemba zofwapa, chilichonse ndi miyendo iwiri ya waya ndi kamzere koyera mbali imodzi.

"Awa ndi madayodi. Ntchito ya botolo lonse lija, iti tiwiri timaigwira."

"Timeneti? Musandinamize poti ndine mayi."

"Ndikakunamizani mudzandipeza pompano, kothawira kwina ndilibe. Tamverani bwino, poti mukatembenuza muphulitsa kachitini kaja. Mwendo wopanda mzere upite kwa mapasa aja, aliyense wake. Miyendo ya kumzere muiphatikize pamodzi. Kenako apa," adatulutsa china choyera ngati choko cha kusikola, "ichi chikhale pakati pa iyo ndi waya wa kukachitini. Chimachepetsa ukali, poti madayodi sadikira kuti anzawo atenthe, amangothira magetsi onse nthawi imodzi. Awiri opotana aja asawakhudze."

"Zonsezi zikhala pati?"

"Kunsi, kumene kuli mawaya. Pamwamba simuoneka kanthu. Mwini mpando akadzabwera ndi yake, mudzangodula izi ndi alikate, chodulira waya."

A Rufina adabwereza: mapasa kopanda mzere, mizere pamodzi, choko, kachitini. Adabwerezanso ngati katekisimu, mpaka a Victorino adagwedeza mutu.

"Poyatsa koyamba muime patali, kachitiniko n'kokalamba. Ndipo amayi," adakweza chala, "kamzere aka ndi utoto."

"Ndamva."

"Ngakhale tikagwera m'matope."

"Ndati ndamva, bambo! Kodi nkhaniyi idafika mpaka kuno?"

"Sidafike. Ndangoona zikhadabo."

Adalipira, n'kumanga tinthu titatuto pamfundo ya chitenje, pamene amamangapo ndalama ya chopereka. Dongo lija adalisiya patebulo.

Pobwerera m'mawa mwake mitambo idali itatsika, mphepo ikununkha fumbi lonyowa. Pa mtsinje wa m'malire madzi adali akadali m'akakolo. Anzawo adawoloka mwachangu, koma a Rufina adatsalira kutsidya, kuzula udzu wautali wa m'mbali mwa madzi. Adayenda akuupota, kuukulunga, kuumanga ndi luzi. Mayi wina adacheuka.

"Nkhata yonseyo, dengu lopanda kanthu?"

"Si yanga. Ndi ya mutu wosazolowera."

Adafika dzuwa likupendeka. A Cassimiro adali pakhonde, radiyo pambali pawo, akuyesa kudziunikira okha ndi galasi lotsamiritsa pamwala. Adayang'ana dengu, adayang'ana m'manja mwa akazi awo, kufunafuna chooneka ngati botolo. Sadachione, ndipo mapewa awo adatsika pang'ono.

A Rufina adaika nkhata pamwamba pa radiyo. Kenako adakhala pansi, kumasula mfundo ndi mano, n'kutambasula dzanja.

"Tinyemba timeneti n'ta chiyani?"

"N'ta kunsi. Pampando sitifikapo." Adawauza monga adamvera: mapasa, mizere, choko, kachitini.

A Cassimiro adamvetsera osadula mawu, zimene sizidachitikepo chikwatiranirane. Adatembenuza radiyo chagada, kulondola mapasa aja ndi chala mpaka pamene athera. Kenako adaitembenuzanso, kuyang'ana mpando wopanda kanthu, n'kuuuzira fumbi. Adayang'ananso nkhata ija, kuikanikiza ndi chikhatho kuti aone kulimba kwake.

"Gazolo watsala wa Loweruka limodzi," adatero.

"Akwana."

Adatenga chitsulo chowotcherera n'kuchizika pamakala. Podikira kuti chifiire adatambasula dzanja, ndipo a Rufina adawathiramo tinthu tija, kamodzikamodzi, mizere yake yonse ilipo.